Chitseko Chomwe Ndinasalaza ku Sila

Nkhani ya ulendo wa ku Al Ain sindinamuuzepo munthu aliyense kumudzi, ngakhale mkazi wanga. Iye amangodziwa kuti ndinadutsa maboda awiri kukatenga galimoto yakale ya bwana, ndipo chithunzi chomwe ndinamutumizira ndili m'chipululu anachitsukitsa n'kuchipachika pakhoma. Amalawi anzanga kuno ku Doha ndiye amaidziwa yonse, poti tilipo ochepa ndipo nkhani sichedwa kuzungulira. Akafuna kundiseka amangogogoda patebulo katatu ndi chala, ine n'kuwerama.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto pabanja lina la konkuno. M'mawa ndimakasiya ana kusukulu, masana ndimadikira madamu pamalo oimika magalimoto ku The Pearl mpaka msana kuuma. Koma bwana ali ndi chinthu chomwe chinkandidya mtima: garaja yaikulu kuseri kwa nyumba ya mayi awo, yodzaza magalimoto akale a ku America. Muli Bel Air yobiriwira ya m'ma 50, ya zipsepse kumbuyo. Muli Impala yaitali ya m'ma 60, Mustang ziwiri, ndi ena omwe ukawaliza mawindo a nyumba amanjenjemera. Mkulu wina wa ku Sudan amene ankawasamalira anali atanena kuti akubwerera kwawo, ndipo malo akewo ndinkawafuna ine. Ndinkawafuna moti ndikapita kukatula katundu kwa mayi awo a bwana ndinkanamizira ludzu, kuti ndidutsire kumpopi wa kugaraja.

Matenda amenewa sanayambire ku Doha. Ndili mwana ku Mponela, kuseri kwa golosale ina kunali galimoto yakufa ya ku America, yomwe mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Inalibe matayala, nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo, koma zitsulo zake zakutsogolo ukazikwecha ndi phulusa zinkakuonetsa nkhope. Ndinkazikwechadi mpaka mwini golosale kundipirikitsa. Nditakula ndinakaphunzira kuwongola ndi kupenta magalimoto ku Biwi, ku Lilongwe, ndipo kumeneko anandikhomereza lamulo limodzi, loti galimoto sibwerera kwa mwini wake ili ndi chipsera. Ndiye kuno ndinkadziona ngati mmisiri amene akungowonongeka ndi ntchito yonyamula zikwama za ana.

Tsiku lina mu Januwale bwana anandiitana pamodzi ndi a Chisale. A Chisale ndi mkulu wa ku Ntchisi amene amayendetsa bulekidauni ya bwana, lole ija yoberekera galimoto pamsana. Anayendetsapo mathanki a mafuta njira ya ku Beira zaka zambiri, ndipo ndi munthu woti salankhula pokhapokha umufunse kawiri.

Bwana anatiuza m'Chingerezi kuti aipeza galimoto ya malemu bambo awo. Inagulitsidwa bambowo atangomwalira, iwo ali mnyamata, ndipo anaisaka zaka zambiri mpaka kuipeza pamunda wa munthu wina ku Al Ain. Mayi awo, amene maso anasiya kuona, anali atauzidwa kale. Ankaidikira Lachisanu masana, pamene banja lonse limasonkhana kudzadya limodzi.

"Muibweretse momwe ilili," anatero bwana. "Osaitsuka, osaikonza, osaikhudza. Iwe Yohane, ukayenda bwino ulendo uno tidzakambirana za garaja, inshallah, Mulungu akalola."

Ndisaname kuti mwina Chingerezi chinandidutsa. Zonse ndinazimva bwinobwino, koma mawu amene anakhazikika m'mutu ndi omalizawo.

Tinanyamuka Lamulungu kukungocha. A Chisale anandipeza pakona pafupi ndi chipinda changa ku Al Doha Al Jadeeda, mashopu asanatsegule, tinalowa msewu wa ku Salwa. Tinafika pa Abu Samra dzuwa lisanatenthe, koma mzere wa malole unali utafika kale patali. Pa boda lole sithamanga. Umasuntha kutalika kwa lole imodzi, kuzimitsa injini, kumwa karaki, tiyi wawo wamkaka uja, kenako kusunthanso. Ine pokhala ndi mtima uli m'mwamba, pakamwa sipanatsekeke.

"Madala, atakuuzani kuti sankhani imodzi m'garaja muja, fulii, mungatenge iti?"

A Chisale anapitiriza kuuzira tiyi wawo. Ndinafunsanso.

"Pikiapu yoyera ili pakona ija."

"Yonyamulira matayala ija? Muli siriyasi?"

"Imalira ukangopotokola kiyi kamodzi. Zinazo n'zokongola, koma zimayendera pamsana pa lole yanga."

Ndinawaseka, kenako ndinayamba kuwaphunzitsa, iwo osapempha. Ndinati magalimoto a m'ma 50 anapangidwa ndi anthu okhuta, anthu oti akamaliza galimoto ankaiwonjezeranso zipsepse ndi zitsulo zonyezimira chifukwa cha chimwemwe basi. A m'ma 60 ndi aatali, odekha, oyenera munthu wa banja wodzilemekeza. A kumayambiriro kwa m'ma 70 ndi a phokoso, a anyamata osamva. Kuchokera pamenepo, ndinatero, anthu aja anatopa n'kuyamba kupanga mabokosi okhala ndi matayala. Ine loto langa linali Bel Air yofiira ya denga loyera, ndiyende nayo pang'onopang'ono kuchokera pa depoti ya Mponela mpaka pa golosale ija. Ndinali nditatsimikiza kuti galimoto yomwe munthu wasaka zaka zonsezo iyenera kukhala ya mtundu umenewo.

"Ndamva aphunzitsi," anatero a Chisale, n'kuliza injini.

Tinalowa m'dziko la Saudi cha m'ma leveni. Kuchokera pa Salwa kukafika pa Batha palibe choti n'kunena: mchenga, waya wotchinga ngamila, ndi matayala ophulika m'mbali mwa msewu. Pa boda yachiwiri tinakhalanso maola angapo, n'kudya mpunga wa nkhuku titatsamira tayala la lole. Kenako msewu wautali uja wodutsa Sila, Ruwais ndi Mirfa, wowongoka moti umayamba kukayika ngati ukuyendadi. Tinagona pabwalo la malole ku Musaffah, ndipo Lolemba m'mawa tinafika ku Al Ain.

Mwini munda anatitsogolera pakati pa mitengo ya kanjedza mpaka pachisakasa cha malata. Anatsegula. Inali Caprice ya kumapeto kwa m'ma 70, yabulauni, bokosi lenileni la mtundu womwe ndinkaunyoza dzulo lake. Fumbi linali litaikuta yonse, nkhunda zitachita zawo padenga ndi paboneti, m'buti muli udzu wouma wa mbuzi. A Chisale anandiyang'ana, osaseka, ndipo kusasekako kunandiwawa kuposa akanaseka.

Poizungulira ndinaona malo ena pachitseko cha dalaivala, kunja, m'munsi pang'ono mwa windo. Panali pakakulu ngati chikhatho. Penti inali itatha, chitsulo chitachita timaenje tambirimbiri tothithikana, dzimbiri litalowamo, ngati mwana wakhala akukhomapo ndi msomali. Chala changa chinapita chokha pamenepo. A Chisale ankajambula galimoto yonse mbali zinayi kutumizira bwana, ine ndinajambula malo amenewo pafupi, ndikuganiza kale momwe ndingawawongolere. Tinaikoka ndi chingwe kuikweza palole matayala ali ophwa, tinaifunditsa tenti, n'kutembenuka.

Tenti ija sinakhalitse. Titayandikira Mirfa kunabwera chimphepo chochokera kunyanja, chinaing'amba pakati, mbali ina n'kumakupiza ngati ikufuna kutisiya. Tinaima, tinaichotsa, tinaipinda. Kuchokera pamenepo Caprice inayenda maliseche. Pamalo omwetsera mafuta bambo wina anatsitsa windo la galimoto yake yonyezimira n'kuuza ana ake kuti ajambule, onse akuseka. Dalaivala wina wa ku Uganda anandifunsa mwaulemu kuti sikirapu imeneyi tikukagulitsa kuti, poti naye ali ndi mnzake amagula zitsulo. Ndinamuyankha kuti ndi galimoto ya mtengo wapatali, iye anandigwira paphewa ngati wondipepesa.

Tinafika pa Sila, tauni yomaliza boda isanafike, dzuwa likulowa. Lachiwiri m'mawa ejenti wa mapepala anaimba foni kuti pepala lotulutsira galimoto m'dzikomo likusowa siginecha ya wogulitsa, ndipo mmodzi wa ife abwerere naye ku Abu Dhabi. Anapita ndi a Chisale, poti mapepala onse anali m'dzina lawo. Lole tinaisiya pabwalo la malole, moyandikana ndi kagaraja ka mkulu wina wa ku Pakistan.

"Mphwanga, ntchito yanu ndi imodzi," anatero a Chisale akukwera galimoto ya ejenti. "Khalani pansi, muziiyang'ana. Khalasi, basi."

Ndinakhaladi pansi. Ndinaiyang'ana ola limodzi, maola awiri. Pa Sila palibe kopita, ndipo munthu wozolowera kugwira ntchito manja amayamba kumuyabwa. Ndinayamba kuganiza za Lachisanu: azilongo awo a bwana, akamwini, zidzukulu, onse atavala zoyera, ife n'kutsitsa chinthu chonunkha mbuzi pakati pa bwalo, amvekere iyi ndiye galimoto ya malemu. Kwathu tisanaitane anthu kudzaona chiliza timayamba talambula pamanda. Komanso mabwana onse amene ndinawagwirirapo ntchito ankanena kuti usavutike, koma akaona galimoto ikuwala ankamwetulira. Zimenezi ndi zomwe ndinkadziuza. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna bwana aone dzanja langa, adziwe kuti munthu wa garaja ali naye kale pakhomo.

Ndinati ndingochotsa za nkhunda zokha. Za nkhunda zitachoka, poyera paja panayamba kuneneza pena ponse, ndiye ndinatsuka denga lonse. Kenako mawindo. Kenako ndinatulutsa udzu m'buti. Pofika masana galimoto inali itasamba, ndipo chipsera cha pachitseko chija chinkaoneka kuposa kale.

Ndinapita kwa mkulu wa kagaraja uja. Chinenero sitinkamvana kwenikweni, koma amisiri savutana. Anabwera, anapapasa malowo, anapukusa mutu, n'kundibwereka kahamala, sandipepa ndi chitini cha fila, phala lija timamata pachitsulo kuti pasalale. Anatenga kachitseko ka pothirira mafuta kuti akasakanize penti yofanana. Ine ndinamasula chikuto cha mkati mwa chitseko, ndinalowetsa dzanja, n'kuyamba kutulutsa timaenje tija kamodzikamodzi kuchokera mkati. Tinali tambiri, tina pamwamba pa tinzake, ndipo ndinkatukwana mumtima munthu wosasamala amene anawononga chitseko chotero. Nditamaliza ndinakwecha dzimbiri lonse mpaka chitsulo kuyera, ndinamata fila wopyapyala, ndinadikira aume, n'kusalaza. Lachitatu m'mawa, mphepo isanadzuke, ndinapopera penti. Itagwira ndinapaka polishi galimoto yonse kuti mtundu ufanane.

Ndinene mosabisa, ntchito ija inali yabwino. Ukatseka maso n'kuyendetsa dzanja pachitsekopo sukanadziwa pomwe panali bala. Mkulu wa ku Pakistan anapsompsona nsonga za zala zake, madalaivala ena anabwera kudzajambula, ndipo tsopano sankaseka. Ngakhale bokosi lija linayamba kundikongolera. Chibwerereni ku Gulf kuno sindinasangalalepo ngati m'mawa umenewo.

A Chisale anafika cha m'ma folo, pepala lili m'manja. Anaima patali. Kenako anayandikira, anakwera palole, anayang'ana chitseko, anatsika, n'kukhala pa sitepe ya lole ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Yohane, mwatani?"

"Ndangoisambitsa pang'ono, madala."

"Chitseko ichi mwachisambitsanso?"

"Panali chipsera. Munachiona nanu."

"Ndinachiona. Munafunsa kuti n'cha ndani?"

Funso limenelo ndinaliona lopanda mutu. Ndinawauza kuti iwo ndi dalaivala, za bodi ya galimoto azisiyire ife.

"Imbani foni pompano muwauze bwana," anatero.

"Ayi, ikhale sapulaizi."

"Ikhaladi," anatero a Chisale, n'kupita kukasamba.

Lachinayi tinadzuka kuli nkhungu yoti sungaone lole ya patsogolo pako. Malole onse anaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti iyere. Tinakhala m'kabini, magalasi akuchita thukuta. Cha m'ma eyiti foni yanga inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa bwana, ndipo ndinautsegula mokweza, ndikuganiza kuti akufunsa za boda.

Mawu awo anali osangalala ngati a mwana. Anati ndiwatumizire chithunzi cha chitseko cha dalaivala, chapafupi, m'munsi mwa windo. Anati mayi awo sakugona, akungokamba za malo amenewo. Bambo awo, anatero, sankawaimbira hutala akazi awo, ankati hutala ndi ya anthu a pamsewu. Akafika pakhomo kudzawatenga ankatulutsa mkono pawindo n'kugogoda chitseko katatu ndi mphete yawo, tsiku lililonse, zaka zonse zomwe anakhala ndi galimotoyo. Mayiwo ankamva kugogodako ali kukhitchini. "Ndi chimene ndinaizindikirira galimotoyi," anatero bwana. "Akuti poti sangaione, akufuna angoikapo dzanja."

Uthenga unatha. Timaenje tija ndinatitulutsa ndekha, kamodzikamodzi, ndikutukwana munthu amene anatipanga.

Apa ndiye pali chinthu chomwe chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinatsegula zithunzi za m'foni, ndinapeza chija ndinajambula ku Al Ain chitseko chisanakhudzidwe, n'kuchitumiza. A Chisale anaona chala changa chikusankha. Anangotembenukira kuwindo lawo. Pasanathe mphindi bwana anayankha kuti mashallah, Mulungu akudalitse Yohane.

Nkhungu inayera cha m'ma teni. Boda yoyamba tinadutsa bwino, msilikali wina mpaka anayamikira kuti galimoto yasungidwa bwino, ine kumwetulira ngati wodwala dzino. M'chigawo cha Saudi chija sindinaone ngamila kapena mchenga, ndinkangoona chitseko pagalasi lam'mbali. Tinaima pa Salwa kuti tidye. A Chisale atalowa kukasamba m'manja, ndinatola nati yaikulu m'bokosi la zipangizo n'kukwera palole. Ndinali nditawerengera kale: kukanda penti, kugogoda timaenje tatsopano, kupaka dothi ndi mafuta akuda. Chithunzi ndinali nacho chotsanzira.

"Tsikani."

Anali ataima pansi, manja akudontha madzi.

"Madala, ndikhoza kubwezeretsa. Twente minitsi yokha. Mayi aja saona, sangadziwe."

"N'chifukwa chake ndikuti tsikani. Choyamba chija munachita ndi kupusa, tonse timapusa. Ichi mukufuna kuchitachi ndi kumubera munthu wakhungu."

"Ntchito indithera, madala."

"Mwina. Koma mukagogoda kamodzi kokha, walahi, ndalumbira, ndikusiyani pompano, mupeze yanu thiransipoti. Foni muli nayo m'thumba. Imbani."

Ndinatsika, nati ndinaibwezera m'bokosi. Koma foni sindinaimbe. Ndinkati ndiimba tikadutsa Abu Samra. Titadutsa ndinati ndiimba tikafika mu Doha. Titafika ndinati nkhani yotere ndi yokambirana maso ndi maso. Lole tinaigoneka kuyadi ya kampani ya bwana, ine n'kupita kuchipinda changa ndi mantha anga onse osawachotsako ngakhale pang'ono.

Lachisanu, anthu atabwera kumapemphero a masana, tinalowa ndi lole pabwalo la nyumba ya mayi awo a bwana. Banja lonse linali panja monga ndinkaganizira, azibambo atavala zoyera, ana akuthamangathamanga. Titaitsitsa, ena anaombera m'manja kuwala kwake. Bwana sanaombe. Anaiyang'ana kuchokera patali nkhope ikusintha, anayenda molunjika kuchitseko cha dalaivala, anawerama, kenako anadzuka n'kundiyang'ana. Asanatsegule pakamwa, chitseko cha nyumba chinatseguka, Esnart akukankha njinga ya olumala yomwe anakhalapo mayi awo a bwana.

Esnart ndi mtsikana wa ku Dedza amene wawasamalira mayiwo zaka zingapo, ndipo Chiarabu amachimva bwino. Anawafikitsa pambali pa galimoto, pafupi ndi pomwe ndinaima ine. Mayiwo anali atavala zovala zawo zabwino, akununkhira mafuta onunkhira ngati akupita ku ukwati. Anatambasula dzanja, anapeza galasi, anatsitsa zala m'munsi mwa windo pamalo enieniwo osaphonya. Anapapasa. Anabwerera kumanzere, anapita kumanja, anatsika pansi, anabwereranso pomwe anayambira.

Mayiwo ananena mawu pang'ono. Esnart anandinong'oneza osandiyang'ana: "Akuti sipakupezeka."

Kenako anaitana mwana wawo. Bwana amavala mphete yasiliva ya mwala wofiira, ndipo tsiku limenelo ndi pomwe ndinadziwa kuti inali ya bambo awo. Mayiwo anawauza kuti agogode. Bwana anazengereza, mayiwo anabwereza. Anagogoda katatu. Chitsulo cha magalimoto akale aja chimalira ngati belu ukachigogoda, koma pomwe pali fila sipalira. Panangomveka phu, phu, phu, ngati ukugogoda khoma ladothi.

Mayi aja anabweza dzanja n'kuliika pamwendo. Analankhula motsitsa.

"Akuti si imeneyi," anatero Esnart. "Akuti mwana wanga, anthu akupusitsa, wagula galimoto ya eni."

Bwana anawerama n'kuyamba kuwayankha mayi awo mofatsa, ndipo ngakhale Chiarabu sindichimva, ndinadziwa kuti akuvomera, akuti mwina anawapusitsadi. Ankafuna nkhani ithere pomwepo, ine ndisatchulidwe pamaso pa anthu. A Chisale anali ataima kuseri kwa lole, maso ali pa ine.

Sindikudziwa kuti miyendo inaganiza liti. Ndinangopezeka ndagwada pambali pa njinga ija, monga timachitira kwathu polankhula ndi akuluakulu, mawondo ali pa simenti yotentha.

"Chemwali, auzeni kuti galimoto ndi yomweyo. Timaenje tinalipo. Ndafafaniza ndine, ku Sila, ndi manja angawa. Bwana anandiuza kuti ndisakhudze."

"Achimwene, ndinenedi zimenezo?"

"Nenani zonse."

Esnart ananena. Wina mwa azilongo awo a bwana anatulutsa mawu aukali, bwana anamuletsa ndi dzanja. Kenako mayi aja anatambasula dzanja kumbali yanga, Esnart n'kundiuza kuti akufuna langa. Ndinawapatsa. Anapapasa chikhatho changa monga anapapasira chitseko chija, anapeza nsonga za zala zomwe sandipepa anazidya, anazisisita pang'ono.

"Akuti muli ndi dzanja labwino," anatero Esnart. "Akufunsa ngati simunasiyeko ngakhale kamodzi."

Ndinafuna kuti pakhale kamodzi. Ndinaganiza za m'mphepete monse, kufupi ndi chogwirira, m'munsi mwa mphira wa windo. Koma ku Biwi anandiphunzitsa bwino.

"Auzeni kuti ayi. Sindinasiye."

Mayi aja anagwedeza mutu, anasiya dzanja langa, n'kuuza Esnart kuti awabwezere m'nyumba, kunja kukutentha.

Bwana sanandikalipire ndipo sanandichotse ntchito. Lamulungu lotsatira, ndikuwatsegulira chitseko cha galimoto, anangoti: "Za chitseko ndikhoza kumvetsa, unkafuna kuchita zabwino. Nanga chithunzi chija?" Ndinangowatsekera chitseko n'kukakhala pachiwongolero. Malo a kugaraja anapatsidwa munthu wina wa ku Sri Lanka. Ine ndikadali kunyamula zikwama za ana ndi kudikira madamu ku The Pearl, ndipo ndikapita kukatula katundu kwa mayi aja ludzu silindigwiranso.

Caprice ija anaiika pakati pa Bel Air ndi Impala. A Chisale amati alendo akabwera amaiyamikira kwambiri, amafunsa kuti anaisunga bwanji chitseko chosalala chotero zaka zonsezi. Esnart amati masana ena mayi aja amatembenuzira khutu kubwalo galimoto ikaima pageti, kenako n'kupitiriza zomwe amachita. Kugaraja kuja sanapemphenso kuti awapititseko.